UTHENGA UMENE UMADZIFAFANIZA WOKHA

Pamene Akonzi a magazini yathu anapempha kuti yense wa ife alembe cinthu cimodzi cimene anaphunzira pa chuthi, anzanga ambiri anasankha za ulendo wa kunyanja ndi za mpira. Ine ndasankha cinthu cimene ndinaciphunzira ndi manyazi, ndipo mtengo wa phunzirolo unali K36,000, ndalama zimene sizinali zanga. Ndidziwa kuti pa sukulu pano sitiloledwa kukhala ndi mafoni, ndipo Aphunzitsi asaganize kuti ndabisa ina pansi pa matiresi. Zimene ndilembazi zinacitika kwathu. Koma popeza tonsefe, ana a sukulu ndi aphunzitsi omwe, timagwira foni tikangotuluka pa cipata, ndiyesa kuti nkhaniyi itikhudza tonse.

ZIMENE ZINAGWERA ACEMWALI ANGA

Acemwali anga aakulu amagulitsa zitenje pa msika wa kwathu, ndipo ndiwo amandilipirira fizi cimwalirire bambo athu. Pa chuthi capitaci mai wina, amene anali kukonza cinkhoswe ca mwana wace, anafuna zitenje 12 pa ngongole. Tsiku limene anayamba kulemberana pa WhatsApp, acemwali anabwera ndi foni pamene ndinali kusewera bawo, nati, "Acimwene, inu ophunzira, tandiwerengereni ticizungu tatuluka apati, ndi kawochi aka kali pa cithunzi ca mai uja." Ine maso anali pa bawo. Ndinangoyang'ana camcam, ndi kuyankha kuti, "Nzacabe zimenezo, acemwali, foni imangolemba-lemba." Iwo anandikhulupirira, pakuti ndine wa Fomu 3.

Motero anapangana zonse pa foni pomwepo: zitenje 12, ciri conse K9,000, kulipira pa kutha kwa mwezi. Wakabaza anatenga mtolo napita nao. Mwezi utatha mai uja anabwera ndi K64,000, nanena kuti anatenga zitenje 8 zokha, ndi kuti mtengo unali K8,000. Acemwali sanade nkhawa, cifukwa anadziwa kuti zonse zinalembedwa. Anapita naye kwa Acheyamani a msika, natsegula foni pamaso pa anthu. Munali mbee, ngati bolodi imene yangofufutidwa kumene. Ticizungu tija tinali kunena kuti mai uja waika lamulo lakuti uthenga uli wonse wolembedwa m'menemo uzizimirira pakatha masiku 7.

Acheyamani anati, "Amai, mtengo wa citenje cotere pa msika uno ndiudziwa ine, ndi K9,000, pamenepo musatitayitse nthawi. Koma ciwerengero anaciona ndani?" Wakabaza anaitanidwa, nati iye ananyamula mtolo womanga-manga, sanawerenge. Mlandu unatha motere: mai uja analipira zitenje 8 pa K9,000, ndizo K72,000, ndipo zitenje zinai zinapita cabe. Sindinena kuti iye anachera dala msampha, pakuti anthu ambiri amaika lamulo limeneli pa mauthenga ao onse popanda kuganiza coipa. Koma umboni utacoka, njira ya bodza inatseguka. Acemwali sanandikalipire. Anangoti, "Fizi tiipeza, koma tsiku lina muziyamba mwawerenga musanayankhe." Mau amenewo anandipweteka koposa ndodo, ndipo masiku otsala a chuthi ndinawathera pa kufufuza za cinthu ici.

KUMENE ZINACOKERA

Makolo athu analibe bvuto lotere, pakuti mau a pakamwa amazimirira okha. Ukawanena apita ndi mphepo, natsala m'mutu mwa wakumva basi. Ncifukwa cace pa nkhani zazikulu, monga za ukwati kapena za malire a munda, ankaitana ankhoswe ndi mboni, kuti mauwo akhale m'mitu yambiri. Kalata ya papepala inasintha zinthu pang'ono, komabe munthu ankatha kuiocha. Foni ndi kompyuta zinabwera ndi khalidwe lacilendo, lakuti siziiwala. Kamau kamene unalemba uli wokwiya zaka zisanu zapitazo kali pomwepo, pamodzi ndi tsiku lace ndi ola lace. Anthu atatopa ndi makina osaiwalawa anayamba kufuna njira yowaphunzitsa kuiwala.

M'caka ca 2011 anyamata atatu a pa Stanford University ku California, maina ao Evan Spiegel, Bobby Murphy ndi Reggie Brown, anatulutsa pulogalamu imene inachedwa Snapchat. Munthu ankatumiza cithunzi nasankha kuti cioneke kwa masekondi angati, kuyambira 1 kufikira 10, ndipo nthawiyo ikatha cithunzi cinkazimirira. Acinyamata anaikonda kwambiri. Telegram inabwera m'caka ca 2013, nayonso inali ndi maceza acinsinsi okhala ndi nthawi yozimirira. Signal inayamba kutero m'caka ca 2016. WhatsApp, imene ife tiidziwa koposa zonse, inatsatira mu November 2020 ndi nthawi imodzi yokha ya masiku 7. Mu August 2021 inaonjeza zithunzi zoona kamodzi kokha, ndipo mu December caka comweco inalola munthu kusankha maola 24, masiku 7, kapena masiku 90, ndiponso kuika lamuloli pa maceza onse atsopano.

M'MENE UMAGWIRIRA NCHITO

Apa ndipempha kuti ticedwepo pang'ono, cifukwa ambiri timasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Coyamba ndi kutseka uthenga pa ulendo wace. Tiyerekeze kuti mwaika kalata m'bokosi lacitsulo, mwakhoma loko, ndipo kiyi ali ndi mnzanu yekhayo amene mwamlembera. Wamtengatenga anyamula bokosi koma sangathe kuwerenga ziri m'katimo. Umo ndi m'mene Signal imacitira, ndipo WhatsApp inamariza kutseka mauthenga a anthu ace onse motere mu April 2016. Kutsekaku kumateteza uthenga pa njira pokha.

Caciwiri ndi kufafaniza uthenga utafika. Kuli ngati mwalemba pansi pa kalata kuti, "Ioche pakatha masiku 7." Tsono funso lalikulu ndi ili: adzaioca ndani? Si inu ai, pakuti kalatayo iri kale m'nyumba ya eni. Imene imafafaniza ndi pulogalamu iri m'foni ya mnzanuyo, imene imawerenga nthawi, ndipo ikakwana icotsa uthengawo pa foni yaceyo. Pa WhatsApp nthawi imayamba kuwerengedwa pamene uthenga watumizidwa. Pa Signal, kwa wolandira, imayamba pamene wauwerenga. Pulogalamu ndi wanchito womvera, siiiwala ndipo siikana. Koma mwini foni si pulogalamu. Ali ndi maso, ali ndi mutu, ali ndi zala, ndipo palibe lamulo la makina limene lingamange zimenezi.

Tidziwenso kuti pa maceza a anthu awiri a pa WhatsApp, ali yense wa awiriwo angathe kuika lamulo lozimiririra popanda kupempha mnzace. Pulogalamu imangolemba kamzere kodziwitsa, ndi kuika kawochi pa cithunzi ca munthuyo. Mauthenga akale, olembedwa lamulolo lisanaikidwe, sakhudzidwa. Atsopano okha ndiwo amazimirira. Kamzere kameneko ndiko kamene ine ndinakanyoza.

Ndipo ngakhale pulogalamu igwire nchito yace bwino, pali mipata imene uthenga umapulumukira. Wolandira angathe kujambula zimene ziri pa galasi la foni yace, cimene timati screenshot. Angathe kukopera mauwo ndi kuwasunga pena, kapena kuwatumiza kwa munthu wina kumene kulibe lamulo lozimiririra, ndipo kumeneko sadzazimirira. Ngati wayankha uthenga wanu mwa kuugwira mau, kacidutswa ka mau anuwo kangathe kutsala m'yankho lace. Zithunzi zoona kamodzi WhatsApp imakaniza kuzicita screenshot, koma siingathe kuletsa munthu kutenga foni yaciwiri ndi kujambula galasi la yoyambayo. Pa mpata wotsirizawu palibe katswiri amene anapeza cotsekera.

UBWINO WACE

Wina angaganize kuti, popeza ndinapsa nazo, ndiri kudana ndi cinthu ici. Iai, ndapeza kuti ciri ndi ubwino weniweni, ndipo ndiuchula mosabisa.

Ubwino woyamba uli pafupi ndi ife. Kwathu kuno foni imodzi imagwidwa ndi manja ambiri. Amai amabwereka mwana, mwana amabwereka mnzace, timaisiya kwa wochaja mafoni pa golosale tsiku lonse, ikaonongeka igona kwa wokonza sabata lathunthu, ndipo pa depoti pali akuba a zala zopepuka. Yense wa amenewa akatsegula foni angathe kuwerenga maceza a zaka zitatu: za matenda a m'banja, za ngongole, za mikangano, za cibwenzi. Koma ngati mauthenga amazimirira pakatha sabata, wakubayo apeza za sabata limodzi lokha. Cimene kulibe sicingabedwe.

Ubwino waciwiri ndi womwewu, koma pa anthu aakulu. Makalata osungidwa zaka zambiri ali ngati nkhokwe yodzaza, imene imaitana akuba yokha. Mu November 2014 akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a kampani ya mafilimu ya Sony Pictures ku America, natulutsa poyera makalata zikwizikwi a anchito ace. Mau amene akuluakulu analemberana mwamseri, monyoza anthu ena, anawerengedwa ndi dziko lonse, ndipo mmodzi wa atsogoleri a kampaniyo analengeza mu February 2015 kuti asiya udindo wace. Makalata ambiri a amenewo nchito yace inali itatha kalekale. Anangosungidwa cifukwa panalibe wowafafaniza.

Ubwino wacitatu ndi wakuti cimene sicinasungidwe palibe angacilande, ngakhale ndi mphamvu. M'caka ca 2016 bwalo la milandu la ku Virginia linalamula eni Signal kuti apereke zonse zimene anali nazo zokhudza manambala awiri a foni. Nambala imodzi yokha ndiyo inali pa Signal, ndipo zimene anatha kupereka ndi ziwiri basi: tsiku limene munthuyo analembetsa, ndi nthawi imene foni yace inalumikizana nao komariza. Sanabise kanthu, analibe cina. Uthenga wozimirira umacita zomwezi pa foni yeniyeniyo. Taganizani za mtolankhani amene ali kulankhula ndi munthu woulula za katangale, kapena za mai amene amamenyedwa kunyumba ndipo ali kupempha thandizo kwa mbale wace pa foni imene mwamuna wace amaifufuza usiku uli wonse. Kwa otere, kuzimirira kwa uthenga kungathe kupulumutsa moyo.

Pali ubwino winanso wocepa koma wokoma. Ubwenzi umafuna kuiwala. Anzathu awiri akayambana Lolemba nagwirizana Lacitatu, sikwabwino kuti mau a Lolemba akhale cikhalire, kudikira tsiku lina la mkwiyo kuti afukulidwe.

KUIPA KWACE

Coipa coyamba ndacichula kale, koma ndicibwereza pakuti ndico mutu wa phunziro lonseli. Uthenga wozimirira umakutetezani kwa mlendo amene adzagwira foni mawa. Sumakutetezani kwa munthu amene mwamlembera lero. Eni Snapchat poyamba ankauza anthu kuti zithunzi zao zizimirira kotheratu. Mu May 2014 bungwe la boma la America loyang'anira malonda, la Federal Trade Commission, linawaimba mlandu wonyenga anthu, cifukwa panali njira zosabvuta zosungira zithunzizo, ndipo kampaniyo inabvomera kuti macitidwe ace osunga zinsinsi aziyang'aniridwa kwa zaka 20. Mu October caka comweco zithunzi zikwizikwi za pa Snapchat zinamwazidwa pa intaneti. Zinacokera ku malo ena ochedwa Snapsaved, kumene olandira ankazisunga mobisa, otumiza osadziwa kanthu. Otumizawo anali atakhulupirira kuti zithunzi zao zinatha pa masekondi khumi.

Ndipo tisayese kuti opusitsidwa ndi ana okha. Mu March 2025 akuluakulu a boma la America anapanga gulu pa Signal lokambirana za kuphulitsa mabomba pa a Houthi ku Yemen. Mike Waltz, amene pa nthawiyo anali mlangizi wa pulezidenti pa za citetezo, anaika lamulo lakuti mauthenga ena azimirire pakatha sabata limodzi, ena pakatha masabata anai. Koma analowetsamo molakwitsa mtolankhani, Jeffrey Goldberg, mkonzi wamkulu wa magazini ya The Atlantic. Pa 15 March nduna ya za citetezo, Pete Hegseth, inalemba m'gulumo nthawi zimene ndege zidzanyamuka, mabomba asanagwe. Mtolankhaniyo anawerenga zonse, anazisunga, ndipo pa 24 ndi pa 26 March anazisindikiza. Loko wa bokosi anali wolimba, wochi inali kuyenda bwino, koma m'nyumbamo munali munthu amene sanamuone. Mwa ife amene tiri m'magulu a WhatsApp a anthu makumi asanu, ndani angachule maina a onse amene ali m'menemo?

Coipa caciwiri ndi cimene cinagwera acemwali. Pulogalamu siisankha cimene ifafaniza. Imacotsa miseche pamodzi ndi mapangano, zocititsa manyazi pamodzi ndi umboni. Akulu amati mlandu suola, koma mlandu wopanda mboni umaolera mwini wace. Wonyenga amene alonjeza malo a nchito kapena a sukulu nafuna ndalama patsogolo amakondwa ndi uthenga wozimirira. Momwemonso munthu amene atumiza mau oopseza kapena onyansa kwa mtsikana. Pamene mtsikanayo walimba mtima kuti akauze makolo kapena Aphunzitsi, pa foni palibe kanthu, ndipo atsala mau ace okha kulimbana ndi mau a wamkulu. M'dziko lathu lino lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'caka ca 2016 limati kuzunza munthu ndi mauthenga ndi mlandu, ndipo limalola uthenga wa pa makina kukhala umboni m'bwalo. Koma lamulo silingathe kuwerenga uthenga umene kulibe.

Pa anthu a maudindo nkhaniyi imakula. Amene agwira nchito ya boma kapena ya kampani yaikulu ayenera kusiya mapazi, kuti pambuyo pace anthu adziwe amene analamula cakuti ndi cifukwa cace. Pa nkhani ya Yemen ija, malamulo a America amafuna kuti makalata a nchito ya boma asungidwe, ndipo pa 27 March 2025 woweruza James Boasberg analamula akuluakuluwo kuti asunge mauthenga a m'gulu lija. Mu March 2023 woweruza wina, James Donato wa ku San Francisco, anapeza kuti kampani ya Google inalakwa polola maceza a anchito ace kumafafanizika okha pakatha maola 24, pamene inali ndi mlandu m'bwalo ndipo inayenera kusunga umboni. Apa tiona kuti cinthu comweco cimene ciri cishango kwa wofooka cimasanduka cophimba kwa wamphamvu. Munthu wamba akabisa za matenda ace, wabisa zace; nduna ikabisa za nchito yace, yabisa zathu.

Coipa cacitatu ciri mumtima. Munthu akauzidwa kuti mau ace azimirira, amalimba mtima monyenga, nalemba zimene sakadalemba pa pepala. Ici ndico cimene ndiopa koposa pa ife acinyamata. Mnyamata ati, "Tumiza cithunzi, usaope, cioneka kamodzi kokha." Amene anena mau otere adziwa bwino lomwe kuti pambali pace pali foni ya mnzace yojambulira. Ngakhale asakhale ndi colinga coipa lero, cibwenzi cimatha, koma cithunzi sicitha. Madzi akatayika saoleka. Ndipo anyamata anzanga, tisayese kuti tsoka ndi la wojambulidwa yekha. Wosunga ndi womwaza zithunzi zotere ali ndi mlandu, makamaka ngati ziri za mwana.

TSONO TICITE CIANI?

Nditaganizira zonsezi ndadziikira malangizo asanu, amene ndiwapereka kwa inu kuti muwayese.

1. Musanalembe kanthu kofunika, yang'anani ngati pali kawochi pa cithunzi ca munthuyo, ndipo werengani kamzere kali konse kamene foni yalemba yokha. Ngati Cingerezi cace cabvuta, funsani. Ndipo inu amene mwafunsidwa, siyani bawo muwerenge.

2. Pa maceza wamba a tsiku ndi tsiku, makamaka ngati foni ndi yobwerekana, kuzimirira nkwabwino. Kuikeni, ndipo muuze mnzanuyo kuti mwatero, kuti asadzadabwe.

3. Pa ndalama, ngongole, malonda, ndi pangano liri lonse, kuzimirira kucotseni. Ngati winayo akana, dzifunseni cifukwa cace. WhatsApp kuyambira April 2023 iri ndi njira yosungira uthenga umodzi kuti usazimirire, koma wotumiza amadziwitsidwa ndipo ali ndi mphamvu yokana. Motero musadalire njira imeneyo yokha. Lembani m'kope, ndipo pakhale mboni ya maso.

4. Wina akakutumizirani mau oopseza kapena onyansa, musadikire mawa. Citani screenshot nthawi yomweyo, poonekera nambala ndi tsiku, ndipo kaonetseni munthu wamkulu amene mumkhulupirira.

5. Musanatumize ciri conse, dzifunseni funso limodzi: ngati munthu ameneyu asunga ici, ndipo caka camawa tidana, kodi ndidzatha kuyenda pa mseu mutu uli m'mwamba? Ngati yankho ndi iai, nthawi ya pa wochi, kaya ndi masekondi 10 kaya masiku 90, iribe thandizo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Masiku ano mlomo uli ku zala.

Kwathu zinthu zasintha. Acemwali anagula kope la cikuto colimba, ndipo wotenga zitenje pa ngongole amawerenga yekha pamaso pa wogulitsa woyandikana nao, nasaina. Pa foni yao anacotsa kuzimirira kwa onse ogula, koma anakusiya pa maceza a iwo ndi anzao a pamtima, cifukwa foniyo imagona kochajitsa kawiri pa sabata. Anasankha okha motero nditawafotokozera, ndipo ndiyesa anasankha bwino kuposa akuluakulu ena amene ndawachula pamwambapa. Fizi ya teremu ino anaimariza mocedwa ndi masabata awiri. Ndalama zija ndazilemba pa tsamba lomariza la kope langa la masamu, ndi inki, ndipo ndidzazibweza.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE

(a) Fotokozani kusiyana kwa kutseka uthenga pa njira ndi kuufafaniza utafika. Ndi citi mwa ziwirizi cimene cikadathandiza akuluakulu a gulu la Signal lija, kapena palibe?

(b) Chulani njira zitatu zimene wolandira angasungire uthenga wozimirira.

(c) Mukadakhala Acheyamani a msika, mukadaweruza bwanji mlandu wa zitenje?

(d) Kodi nkoyenera kuti nduna za boma ndi akulu a makampani aziloledwa kukambirana za nchito ndi mauthenga ozimirira? Ndipempha a bungwe la mtsutso kuti atenge mutu umenewu teremu ikudzayi, ndipo ine ndidzaima ku mbali yokana.

Wa Fomu 3